Anazula Kameli ndi Mizu Yomwe

Fohorem,
Covalima.
9 Januwale 2024

Okondedwa achimwene Calistro,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ngakhale mumatiuza kuti ku Korea miyezi ino kumazizira mpaka madzi kuuma m'ndowa. Kuno tili moyo. Mvula inachedwa koma yabwera ndi ukali, chimanga chafika m'chiuno, ndipo amayi chifuwa chija chinawasiya.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho timalankhulana Lamulungu lililonse. Mukudziwa mmene zimakhalira foni ikalira: abambo amailanda, amayi amakhala pambali kumvetsera, ana amaunjikana kuti aone nkhope ya amalume awo, ine n'kungotsala ndi "muli bwanji, tili bwino". Zimene ndikufuna kunenazi si za makutu ambiri. Kalatayi ndapatsira Zeferino wa kwa a Bendita, amene tchuthi chake chatha ndipo akubwerera kumeneko Lachisanu. Wandilonjeza kuti adzakupatsani m'manja. Chonde muwerenge muli nokha.

Za mitengo munamva kale, koma munamva mmene abambo anakufotokozerani. Ndikufuna mumvenso kwa ine, kuyambira pachiyambi.

Msewu uja unatha mu Novembala. Sindibisa, ine ndinali mmodzi wa okondwa kwambiri. Zaka zonse zija tinkasenza mtedza ndi nyemba mpaka kumtsinje kukadikira lole, ndinkadziuza kuti phula likadzafika kuno ifenso tidzaoneka ngati anthu. Mlamu wanu Marcal anapezako ganyu yogwira mbendera, miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ana anavala nsapato. Tsiku lotsegulira, pa 18, mudzi wonse unatsikira kumphambano. Amayi anavala nsalu yawo ya tais ya ukwati ija. Bwana wina wochokera ku Dili analankhula mpaka ana kugona m'manja, kuti dziko lathu ndi theka chabe la chilumba, mafuta a pansi pa nyanja akutha, ndiye tilimbike kulima zogulitsa kunja, msewu ndi umenewu. Tinaomba m'manja. Tinavina tebe mpaka mapazi kutupa, abambo nawo ndi ndodo yawo analowa m'bwalo, anthu n'kumaimba nthungululu.

Tikuvina choncho, dzuwa lili paliwombo, katapila wa kampani ya msewu, chimakina chokumba chija, anali kumtunda, m'munda mwathu, pamwamba pa kasupe.

Tinabwerera dzuwa litapendeka. Chinatichingamira ndi fungo. Phiri lonse linkanunkhira ngati m'tchalitchi tsiku la Pasaka. Amayi anafunsa kuti, "Kodi akufukiza lubani ndani?" Abambo anaima, ananunkhiza, kenaka anataya ndodo n'kuyamba kuthamanga, munthu amene zaka zitatu sanakwerepo chitunda chija osapumira panjira.

Mitengo yonse ya kameli, ya mafuta onunkhira ija, makumi atatu ndi umodzi, kunalibe. Sanadule ayi, anazula, chifukwa mafuta ambiri amakhala kumizu. Panangotsala maenje, nthambi ndi masamba. Abambo anatsikira m'dzenje limodzi n'kuyamba kutola tizidutswa ta mizu, kumaika m'thumba la malaya. Sanalire. Ankangoti, "Uwu ndi woyamba. Uwu ndinaudzala titangobwera kuchokera ku Atambua."

Inu mukukumbukira bwino kuposa ine, popeza munali wamkulu. Tinabwerako kothawa nkhondo n'kupeza nyumba ili phulusa. Anthu ali kalikiliki kumanga zisakasa, abambo ali kuthengo kufunafuna mbande. Ankawaseka kuti mtengo wodikira zaka makumi atatu udyetsa ndani. Iwo ankati, "Kameli wa dziko lino anatha ndi amalonda a pa zombo, mapiri anatsala mbee. Ine ndibwezeko pang'ono. Sindidzaudya ine, adzadya adzukulu." Ndi iwonso amene anakakamira kuti mudzi upachike tara bandu, lamulo lija tinalumbirira tonse pophera mbuzi, kuti wodula kameli kapena mtengo wa pakasupe aweruzidwe ndi akuluakulu.

Tsopano mverani mmene mlandu unagwera Marcal. Iye sanavine nafe tsiku limenelo. Kapitawo wake, a Gaspar, anamuuza m'mawa kuti akaime pokhota paja ndi mbendera yofiira, asalole munthu kukwera, chifukwa katapila akutsika ndipo njira ndi yopapatiza. Masana amayi aang'ono a Ermelinda mutu unawapweteka, ananyamuka kuti akagone kunyumba. Anamupeza Marcal pokhota.

"Amayi, kumtunda sikukupitika, dikirani pang'ono," anatero Marcal.

"Iwe mkamwini, undiletsa kupita kunyumba kwanga? Msewuwu unabwera nawo kuchokera kwanu ku Zumalai?"

"Ndangotumidwa, amayi. Katapila angakupondeni."

"Andiponde, ndakalamba kale!"

Komabe anakhala pamthunzi, akung'ung'udza. Patapita nthawi inatsika lole yokutidwa ndi lona, katapila ali pambuyo, ndipo Marcal anatukula mbendera kuti zidutse. Amayi aang'ono anaona ndi maso awo. Atamva za mitengo, sanachedwe kulumikiza nkhani, ndipo simungawanene, chifukwa aliyense akanaganiza chimodzimodzi.

Abambo anamuitana Marcal pabwalo, anthu ataunjikana.

"Ndinakupatsa mwana wanga, ndinakupatsa pomanga nyumba. Iwe wandithokoza pogwirira akuba mbendera."

"Bambo, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, sindinadziwe chimene chinali m'lolemo."

"Fungo lonse lija sunalimve? Mphuno unazisiya kunyumba?"

"Ndinangomva dizilo, bambo."

"Usanditchule bambo."

Kuyambira tsiku limenelo sanamuyang'anenso kumaso. Akuluakulu anena kuti mlanduwu adzauyalira mphasa n'kuuzenga pamaso pa mudzi. Akapezeka wolakwa adzalipa ng'ombe ndi nkhumba, ndipo adzabwerera kwawo. Ana, monga mwa mwambo wathu, adzatsala kuno kwa amayi awo. Mwana wanga Zelita anasiya kupita kusukulu sabata yathunthu chifukwa anzake ankamuimbira nyimbo ya mbendera.

Apa ndiulule tchimo langa, chifukwa sindikufuna muganize kuti ndikulemba ngati munthu woyera. Inenso ndinamukayikira mwamuna wanga. Sabata yonse ndinkamuikira chakudya osamulankhula. Tsiku lina ndikuchapa, ndinatenga malaya amene anavala tsiku lija n'kuwanunkhiza, kolala, m'khwapa, m'matumba. Nditadzutsa mutu ndinaona ataima potero ndi khasu paphewa. Anati, "Lina, ukanunkhizenso nsapato, mwina ndabisamo thunthu." Anaseka pang'ono n'kumapita. Takhala m'banja zaka khumi ndi ziwiri, sanandimenyepo, sananditukwanepo, koma mawu amenewo anandilasa kuposa mbama, chifukwa ndinadziwa kuti munthu wolakwa salankhula choncho.

Khirisimasi itayandikira ndinatenga matumba awiri a mtedza kupita nawo ku Suai, pa msewu watsopano womwewo. Ulendo wa ola limodzi ndi theka basi, zoonadi. Koma kumsika ndinapeza masitolo atadzaza mpunga wa ku Vietnam ndi mtedza wokazinga kale wa m'timapepala wochokera ku Indonesia, wotchipa kuposa wanga wosasenda. Wogula wina anafinya mtedza wanga n'kunena mtengo woti ndikanaseka ndikanakhala ndi mphamvu. Ndinagulitsa choncho, ndikanatani. Malole amakwera kuno atadzaza katundu wa eni ake, potsika amatsika opanda kanthu. Katundu wathu yekhayo amene anatsika lole yodzaza ndi mitengo ya abambo.

Nditamaliza sindinakwere lole yobwerera. Ndinafunsira kumene kampani ija imasunga makina ake, ndipo ndinawapeza a Gaspar atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, akudya mpunga ndi nsomba.

"Ndinu a Gaspar? Ine ndine mkazi wa Marcal."

"Marcal uti? Ndili nawo a Marcal anayi."

"Amene munamuimika ndi mbendera kuti mube mitengo ya abambo anga."

Anapitiriza kutafuna, kenaka analavula munga. "Mayi, mawu oti kuba ndi olemera, musamawanyamule nokha, angakuthyoleni khosi. Ine sindiba. Ndimagula."

"Munagula kwa ndani? Mwini wake anali kumphambano akuvina. Ndikupita kupolisi pompano. Boma linaletsa kudula kameli, ngakhale mwana akudziwa."

"Pitani, si patali, mukangodutsa msika mukhote kumanja. Koma taonani kaye munthu amene akayambe kumangidwa."

Anapukuta zala pa thalauza, natulutsa foni, nafufuzafufuza, n'kundionetsa.

Achimwene, munali inu. Munavala chipewa cha mlaza cha abambo chija. Dzanja limodzi munagwira mtengo waukulu uja wa pafupi ndi mwala, linalo munagwirana chanza ndi a Gaspar, mukumwetulira. Anasuntha chala, panabwera pepala, dzina lanu lili pansi, m'kalembedwe kanu komwe ndimakadziwa kuyambira muli kundithandiza masamu. Deti lake linali la Malichi 2022, nthawi imene ankayeza msewu, miyezi iwiri musanapite ku Dili kukaphunzira Chikoreya.

"Mnyamata wochangamuka ameneyu," anatero a Gaspar. "Anati mitengo ndi yake, anathirira yekha. Anangopempha ziwiri: tisazule iye asanachoke, ndiponso tisazule madala akuona. Ndiye mukuona, ife ndife anthu osunga pangano. Tinadikira msewu uthe, tinadikira gule."

"Nanga mwamuna wanga?"

"Aja? Aja ankangogwira mbendera. Ndikanawauza akanakuwa phiri lonse, munthu wa tchalitchi uja."

"Bwerani mudzanene zimenezi pamaso pa akuluakulu."

"Ndidzanene chiyani? Ine mayi sindikukudziwani, ndipo foni iyi mawa ikhoza kugwera m'madzi."

Ndinafunsa kuti mitengo ili kuti. Anati inaoloka malire tsiku lomwelo. "Pano mwina ili pa sitima. Idzabwerera ili mafuta onunkhira m'kabotolo, mudzagula kusitolo ngati thumba lanu lilola."

Sindikudziwa mmene ndinafikira pokwerera lole. Njira yonse ndinkakumbukira tsiku lija munabwera mukuthamanga kuti bungwe lina lakusankhani, likulipirirani sukulu, pasipoti ndi malo ogona ku Dili. Abambo anapha nkhumba. Anayenda nyumba ndi nyumba kuuza anthu kuti mwana wawo wasankhidwa pakati pa anyamata mazana. Ine ndinakuphikirani kamba wa panjira. Tonse tinadya nkhumba ija, Marcal ndi amene anaiwamba.

Ndayesetsa kukumvetsani, ndipo zina ndikuzimvetsa. Ndikukumbukira muli mnyamata, mukusenza madzi m'misungwi kuchokera kukasupe chilimwe chonse, mapewa atasupuka. Ndikukumbukiranso tsiku lina mutakula munandiuza kuti, "Lina, ine ndikuthirira mitengo ya ana ako. Ndikadzakwatira ndidzapita kwa eni ake ndi kachikwama kokha." Ndinaseka, ndinkayesa nthabwala. Lero ndikuona kuti zinkakudyani mumtima. Kuno munda ndi wa mwana wamkazi, ndi zoona, ndipo ntchito kulibe, nazonso ndi zoona. Munakhala zaka zisanu satifiketi ili m'chikwama, mukunyamula anthu pa njinga yamoto ya eni. Mukanabwera kwa ine n'kunena kuti mlongo wanga, ndipatseko gawo langa ndione kolowera, ndikanakagwada nanu pamaso pa abambo. Akanakalipa, akanakana kudya masiku awiri, koma mapeto ake tikanapeza njira, ngakhale kugulitsa ng'ombe ya amayi. Simunafunse.

Komabe si mitengo imene ikundiletsa kudya. Ndi Malamulungu asanu ndi atatu amene apita chizulidwire mitengoyo. Lamulungu lililonse abambo amakuuzani za "wakuba amene akudya mbale imodzi ndi ife", Marcal ali panja pomwepo akumva. Inu mumati, "Pepani bambo, pepani." Tsiku lina munafika ponena kuti, "Anthu a masiku ano sadalirika." Ndinali pambali, ndinakumvani bwinobwino. Mumadziwa kuti munthu amene anakunyamulirani chikwama mpaka ku Dili, amene amakutchulani achimwene ngakhale ndi wamkulu kwa inu, akuchotsedwa pamudzi chifukwa cha dzanja lanu, koma munatha kunena mawu amenewo ndi kufunsa ngati mvula yagwa.

Malata amene munatigulira chaka chatha ali padenga, sitikudonthedwanso. Ndinkanyadira, ndinkauza anzanga kuti achimwene anga saiwala kwawo. Pano mvula ikamagwa padengapo ndimasowa pokhala.

Ndipo mvulayo yatichita zina. Patatha masiku atatu chichitikire Khirisimasi inagwa tsiku lonse, madzi anadzaza m'maenje muja, ndipo mtunda wonse unagumukira pakasupe. Pamene tinkatunga pali matope ofika m'mawondo. Amuna akumba masiku anayi, madzi akutuluka ofiira. Tsopano amayi onse a m'mudzi akutsikira kumtsinje, ulendo wa ola lathunthu, ndipo ndikamadutsa ndi chigubu changa amakweza mawu kuti, "Ena amuna awo anadya madola, ife tikudya chitunda." Msewu nawo unang'ambika pokhota pomwe paja, mbali imodzi inatitimira. Malole sakudutsanso, koma njinga zamoto zokha. A kampani anapakira makina awo n'kupita kwina.

Marcal ndinamuuza zonse sabata yatha, tikupalira chimanga. Anaimika khasu. Kenaka anati, "Abambo mtima wawo ndi wofooka, Lina. Mitengo yawapha theka. Akamva kuti ndi Calistro, theka linalo lipita."

"Ndiye ukufuna uvomere mlandu wa mwini?"

"Sindivomera. Ndingokhala chete. Ng'ombe abale anga akhoza kundithandiza. Ku Zumalai si kumwamba, ana azibwera pa tchuthi."

"Nanga ine? Nanga Zelita ndi Nivio akule akutchedwa ana a wakuba?"

Anangoyambanso kupalira. Ndinamukwiyira nayenso, ndikuuzeni zoona. Nonse awiri mwandisankhira zochita osandifunsa, wina pogulitsa, wina podzipereka ngati mbuzi ya nsembe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mphasa adzayala Loweruka pa 27 mwezi uno. Kalatayi idzakhala itakupezani Lamulungu la pa 21 lisanafike. Tsiku limenelo mukaimba foni, muwauze abambo ndi pakamwa panu. Musatume munthu, musalembe uthenga, musatumize ndalama kuti zilankhule m'malo mwanu. Ine ndidzakhala pambali pawo ndi mankhwala awo, ndipo amayi ndidzakhala nditawakonzeratu. Adzapwetekedwa, ndikudziwa, mwina adzakhala chaka osakulankhulani. Koma ndinu mwana wawo, mwana sachotsedwa pamudzi ngati mkamwini.

Mukapanda kutero, ndidzaimirira pamphasa n'kunena ndekha. Ndilibe chithunzi, ndilibe pepala, a Gaspar anandikana kale. Ndili ndi pakamwa pangapa basi, ndipo ndikudziwa chimene anthu adzanene, kuti mkazi akuteteza mwamuna wake poipitsa mlongo wake amene ali kutali, wosatha kudziyankhira. Abambo mwina adzakhulupirira inu. Zikadzatero, Marcal sadzapita yekha ku Zumalai. Ndidzatenga ana n'kumutsata, munda ndi nyumba zidzatsale, ndipo odzawatungira madzi makolo athu kumtsinje mudzamupeze ndinu. Sindikukuopsezani, achimwene. Ndikungokuuzani kuti musadzanene kuti simunadziwe.

Moni wa kuno ndi wambiri. Amayi atumiza khofi amene akazinga okha, ali m'kapepala kakuda, ndi kansalu ka tais koti muzikulunga m'khosi pogwira ntchito panyanja. Ati musamasambe madzi ozizira. Nivio wati mumubweretsere mpira. Zelita wakhoza bwino mayeso ngakhale anajomba, wati ndikuuzeni. Amayi aang'ono a Ermelinda akupereka moni, ati mufulumire kukwatira iwo asanafe.

Abambo akudziwa kuti ndikulemba, akuyesa ndi kalata ya moni chabe. Ndinawafunsa kuti ndilembe chiyani. Anati, "Umuuze asamatumize ndalama zambiri, azisungako zake. Umuuzenso kuti pa anthu onse a pakhomo pano ndi iye yekha amene sanandichititse manyazi." Ndalemba monga ananenera, sindinachotse kapena kuwonjezera.

Mlamu wanu Marcal nayenso wati ndikupatseni moni. Ndinamuuza kuti umenewo sindilemba. Wandipempha kawiri, ndiye ndalemba.

Mulungu akusungeni kumeneko. Lamulungu la pa 21 foni idzakhala yotchaja kuyambira m'mawa.

Ndine mlongo wanu,
Aquelina